Kudula mitengo kuti mtsinje utsitsimuke: ntchito yokonzanso madamu ndi magombe m'minda ya mphesa ya ku Cape

Ambiri a ife Amalawi okhala mu Johannesburg vinyo timakumana naye ali kale m'botolo. Ena timamuperekera m'malesitilanti a ku Sandton ndi ku Rosebank, ena timamusanja m'mashelefu a m'mashopu. Ena sitimukhudza n'komwe chifukwa cha chipembedzo, koma tili ndi mbale amene Januwale akafika amakwera basi ulendo wa makilomita 1,400 kukathyola mphesa ku Cape. Pakhosi pa mabotolo ambiri a vinyo wa dziko lino la South Africa pali kachizindikiro kamene kanayamba kuikidwa mu 2010, kotsimikizira kuti mphesazo zinalimidwa motsata ndondomeko yosamalira chilengedwe yotchedwa Integrated Production of Wine, yomwe inakhazikitsidwa mu 1998. Mbali yaikulu ya ndondomekoyi ndi ya madzi: kumene mlimi amawatenga, mmene amawasungira, ndi mmene amasamalira mtsinje wodutsa m'munda mwake. Nkhani imeneyi ndikufuna tiimvetse bwino, chifukwa ife ochokera kudziko la madimba ndi madambo ikutikhudza kuposa mmene tingaganizire.

Tiyambe ndi nyengo, popeza ndiyo gwero la zonse. Kuno ku Gauteng mvula imagwa nthawi imodzimodzi ndi kwathu, m'miyezi yotentha. Ku Western Cape n'zosemphana. Mvula yambiri imagwa kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, kukuzizira, mpesa utayoyola masamba ndipo sukufuna madzi. Ikafika Novembala, mpesa uli ndi masamba ndi zipatso zanthete, kumwamba kumayera, dzuwa limaswa mtengo, ndipo mphepo yochokera kumwera chakum'mawa imaumitsa nthaka. Mlimi wa ku Stellenbosch, Paarl, Franschhoek, Worcester kapena Robertson amayenera kugwira madzi m'nyengo yozizira n'kuwasunga kuti adzathirire miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi pambuyo pake. N'chifukwa chake mukadutsa m'zigwa zimenezi mumaona madamu a dothi paliponse, pafupifupi famu iliyonse ndi lake, ina awiri kapena atatu. Minda ya mphesa zopangira vinyo m'dziko lino ndi yokwana mahekitala pafupifupi 90,000, ndipo yambiri imadalira mthirira.

Ulimiwu ndi wakalekale. Vinyo woyamba anafinyidwa ku Cape pa 2 Febuluwale 1659, m'nthawi ya Jan van Riebeeck, mtsogoleri wa Adatchi oyamba kukhazikika kumeneko. Stellenbosch inakhazikitsidwa mu 1679, famu ya Constantia mu 1685, ndipo Afalansa othawa chizunzo cha chipembedzo anafika mu 1688 n'kukakhala kuchigwa chimene lero ndi Franschhoek. Kwa zaka zoposa 300 khasu ndi pulawo zakhala zikuyandikira mtsinje pang'onopang'ono. Mathirakitala ndi zimakina zokumba zitabwera, alimi anawongola mitsinje yokhotakhota, anakumba ngalande m'madambo kuti aume, anaunjika miyala m'magombe kuti madzi asasefukire m'minda. Aliyense ankateteza chigawo chake, ndipo madzi othamanga amene wawakana ankakagumula gombe la mnzake wa kumunsi.

Chimene chimadabwitsa Mmalawi akafika kumeneko n'chakuti ntchito yobwezeretsa chilengedwe imayamba ndi macheka. Ife tinakula tikuuzidwa kuti mtengo uliwonse ndi dalitso, ndipo nyengo yodzala mitengo ikafika kusukulu ankatipatsa mbande za bulugamu ndi paini. Kwathu uphunguwo unali ndi chifukwa chake, popeza mapiri athu ameteka. Koma mapiri a ku Cape sanali a nkhalango. Chilengedwe chake ndi tchire lalifupi la zitsamba za masamba ang'onoang'ono lotchedwa fynbos, ndipo dera limeneli lili ndi mitundu ya zomera pafupifupi 9,000, yoposa magawo awiri mwa atatu yosapezeka kwina kulikonse padziko lapansi. Bungwe la UNESCO linaika malo otetezedwa a derali pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2004. Mitengo yeniyeni yachilengedwe inkapezeka m'makwawa ndi m'mbali mwa mitsinje basi.

Azungu atafuna matabwa, nkhuni, makungwa ofufutira zikopa ndi mitengo yogwira mchenga wa m'mphepete mwa nyanja, anaitanitsa mitengo kuchokera kunja, makamaka m'zaka za m'ma 1800. Ku Australia kunachokera bulugamu ndi mitundu ingapo ya akeshya, monga black wattle ndi Port Jackson. Paini anachokera ku Ulaya ndi ku America. Mitengoyi inasiya kwawo tizilombo ndi matenda amene ankaichepetsa, ndipo itafika kuno inafalikira popanda choiletsa. Lero mbali zambiri za mtsinje wa Berg, umene umayambira m'mapiri a Franschhoek n'kudutsa Paarl ndi Wellington, komanso za mtsinje wa Breede umene umadutsa Worcester ndi Robertson, zinadzaza bulugamu wamkulu ndi wattle wothithikana moti munthu sangathe kufika pamadzi.

Mtengo wautali wosayoyola masamba, mizu yake ili m'madzi a mtsinje, umamwa tsiku lililonse chilimwe chonse, nthawi imene mtsinje uli wochepa kale. Zitsamba zachilengedwe zimene unalanda malo zinali zazifupi ndipo zinkamwa pang'ono. Kafukufuku amene bungwe la The Nature Conservancy linatulutsa mu 2018, pokhazikitsa thumba la Greater Cape Town Water Fund, anapeza kuti mitengo yachilendo ya m'mapiri odyetsa madamu a mzinda wa Cape Town imamwa malita pafupifupi mabiliyoni 55 pachaka, madzi okwanira mzindawo miyezi iwiri. Boma linazindikira vutoli kale. Mu 1995, nduna ya zamadzi ya nthawiyo, Kader Asmal, inakhazikitsa pulogalamu ya Working for Water, yolemba anthu osowa ntchito kuti azidula mitengo yotereyi.

Kumwa madzi si mlandu wokhawo. Pansi pa wattle wothithikana sipamera kanthu, nthaka imakhala yambee. Mizu yake sigwira gombe mmene mizu yolukanalukana ya zomera zakomweko imagwirira, choncho madzi akasefukira amakumba pansi, mtengo umagwera mumtsinje pamodzi ndi chigumula cha dothi. Zipika zimatengedwa ndi madzi n'kukatseka milatho, ndipo dothi lija limakathera m'damu la wina. Moto ukabuka m'nkhalango yotere umatentha koopsa kuposa moto wa m'tchire la fynbos, mpaka kupsereza nthaka ndi njere zachilengedwe zimene zinali m'menemo.

Zimenezi alimi ambiri ankazimva koma osazilabadira mpaka chilala cha 2015 mpaka 2018. Amene tinali kale muno tikukumbukira zithunzi za damu la Theewaterskloof, pafupi ndi Villiersdorp, lomwe limasunga malita mabiliyoni 480 likadzaza, litatsala ndi madzi pafupifupi 10 peresenti, mitengo yakufa itaima pamchenga. Kuyambira Febuluwale 2018 munthu aliyense ku Cape Town ankaloledwa malita 50 okha patsiku, ndipo alimi anachotseredwa 60 peresenti ya madzi amene ankalandira. Ena anazula mipesa yakale kuti madzi ochepawo apulumutse yotsala, ndipo aganyu ambiri anatsala manja lende. M'mwezi womwewo alimi a zipatso a ku Elgin ndi Grabouw anatsegula damu lawo la Eikenhof n'kupereka kumzindawo malita pafupifupi mabiliyoni 10. Kuchokera pamenepo, mlimi akayang'ana mzere wa bulugamu m'mbali mwa mtsinje wake anayamba kuwerengera madzi amene ukumudyera.

Kudulako kuli ndi dongosolo lake. Amayambira kumtunda kwa mtsinje kutsikira kumunsi, chifukwa njere zimayenda ndi madzi, ndipo woyambira kumunsi amalandira njere zatsopano chaka chilichonse. Amayambiranso pamene mitengo ili patalipatali, pomwe zomera zakomweko zikadalipo ndipo zingathe kubwerera zokha, kenako n'kumalowa m'kati mothithikana. Mtengo amaudula pafupi ndi nthaka ndipo nthawi yomweyo amapaka pachitsa mankhwala osakaniza ndi utoto, kuti aone chitsa chimene chapakidwa ndi chimene chatsala. Akachedwa, kapena akadumpha chitsa, bulugamu ndi wattle zimaphukanso nthambi zambiri kuposa poyamba. Pafupi ndi madzi sapopera mankhwala mwachisawawa. Mitengo yodulidwa saisiya pomwe madzi osefukira amafika. Ikuluikulu imapita kocheka matabwa, ina nkhuni ndi makala, ndipo nthambi amazigaya m'makina n'kukaphimbira nazo nthaka m'mizere ya mphesa kuti chinyezi chisathawe.

Gawo limene ntchito zambiri zimafera ndi lotsatira. Wattle amagwetsa njere zambirimbiri za khungu lolimba zimene zimakhala zamoyo m'nthaka kwa zaka makumi. Mthunzi ukachoka, dzuwa likawomba pansi, kapena moto ukadutsa, njere zija zimamera zonse pamodzi. Amene wadula kamodzi n'kuchoka ali ngati munthu amene wadzala chimanga koma osabweranso kudzapalira. Pakatha zaka zitatu kapena zinayi malo aja amakhala othithikana kuposa kale, ndalama zonse zitalowa m'madzi. Pamafunika kubwerera chaka chomwecho kukazula mbande zikadali zanthete, kubwereranso chaka chotsatira, mpaka njere za m'nthaka zitachepa. Vuto linanso n'lakuti akeshya ali m'gulu la nyemba, ndiye amasiya nthaka ili ndi chonde chochuluka kuposa chimene fynbos inazolowera, ndipo udzu wachilendo ndi umene umathamangira kumerapo. Akatswiri anabweretsa thandizo kuchokera kwawo kwa mitengoyi: tizilombo todya njere ndi maluwa ake, komanso mu 1987 matenda a chiwawu amene amatupitsa nthambi za Port Jackson mpaka mtengo kufa. Zimenezi zachepetsa kufalikira, koma sizinachotse kufunika kwa munthu woyenda m'gombe ndi chikwanje.

Gombe likayera, funso limakhala lakuti pabwere chiyani. Pamene chilengedwe sichinawonongeke kwambiri amangodikira, zomera zimabwerera zokha. Pamene bulugamu wakhala zaka makumi ambiri palibe chotsala choti chimere, ndiye amadzala. Boma la Western Cape, kudzera mu ndondomeko yake yokonzanso mtsinje wa Berg, lakhala likuthandiza ntchito yotereyi pamodzi ndi alimi. Njere ndi nthambi zodzala amazitola m'chigwa chomwecho, amazifesa kunazale, ndipo mbande amaziwokera mvula yoyamba ya nyengo yozizira ikagwa kuti zigwire chilimwe chisanafike. Zaka zoyambirira amazithirira ndi timapaipi todontheza madzi, tofanana ndi ta m'munda wa mphesa. Kadzalidwe kake kamatsata mmene madzi amakwerera. M'madzi mwenimweni ndi m'mphepete mwake mumalowa zomera zopirira kumizidwa. Chapamwamba pang'ono pamabwera msondodzi wa ku Cape ndi mtengo wotchedwa wild almond. Kumtunda kumene madzi amafika mwa apo ndi apo kumadzalidwa Breede River yellowwood ndi azitona wakuthengo. Wild almond ameneyu ali ndi mbiri yowawa: ndi umene van Riebeeck anadzala ngati mpanda mu 1660 potsekereza eni nthaka, Akhoikhoi, ndi ng'ombe zawo, ndipo chigawo cha mpandawo chikadalipo m'munda wosungira zomera wa Kirstenbosch ku Cape Town.

Chomera chimene ndimachilemekeza koposa m'nkhani yonseyi ndi palmiet. Chimamera m'mitsinje ndi m'madambo kuyambira ku Western Cape mpaka kumwera kwa KwaZulu-Natal. Masamba ake ndi aatali, a m'mbali mwa minga ngati macheka, ndipo thunthu lake limakutidwa ndi ulusi wakuda wotsalira ku masamba akale. Chimamera mothithikana, thunthu kulukana ndi thunthu, mizu kulowa pansi kwambiri. Madzi osefukira akabwera, palmiet amawerama, madzi n'kudutsa pamwamba atachepa mphamvu, mchenga ndi matope n'kutsalira pomwepo. Pakapita zaka zambiri pansi pake pamaunjikana nthaka yakuda ya zomera zowola imene imasunga madzi n'kumawatulutsa pang'onopang'ono m'chilimwe. Alimi akale ankamuona ngati chotseka mtsinje, ndipo anamuzula ndi makina m'malo ambiri. Mmene anachokamo, madzi anakumba zigwembe zakuya, dambo linatsanula madzi ake onse m'chigwembemo n'kuuma. Kumubwezeretsa kumafuna kuyamba kutseka chigwembe ndi miyala yomangidwa m'mawaya kuti madzi akwerenso, ndipo ndi ntchito yodula kuposa mmene kukanakhalira kungomusiya.

Mu Seputembala 2023, kumapeto kwa sabata ya tchuthi cha Heritage Day, mvula yamphamvu inagwa ku Western Cape, mitsinje inasefukira, Franschhoek inadzaza matope ndipo mlatho wa msewu wa N2 ku Botrivier unakokoloka. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Mtsinje umene unawongoledwa n'kupanikizidwa pakati pa mizere ya mphesa umabwerera kumene unkayenda kale, ndipo mlimi amene analima mpaka m'gombe ndiye amataya mizere, mapaipi ndi mapampu.

Tibwere tsopano padamu penipeni. Damu la pafamu limafa m'njira zingapo, ndipo yoyamba ndi yosaoneka. Mvula iliyonse imakokolola dothi m'misewu ya m'munda ndi pakati pa mizere yopanda chophimba, n'kukalitula pansi pa damu. Pamwamba madzi amaoneka odzaza bwinobwino, koma kuya kwake kukuchepa chaka ndi chaka. Kukumba matope ndi makina n'kodula ndipo kumangobwezera nthawi m'mbuyo. Chimene chimathandiza n'kugwira dothi lisanafike. Alimi amafesa mbewu zophimba nthaka monga owotsi ndi zina za m'gulu la nyemba pakati pa mizere m'nyengo ya mvula, amakonza ngalande za m'misewu kuti madzi asathamange molunjika, ndipo polowera madzi m'damu amasiya kadambo ka bango ndi zomera zina za m'madzi. Kadambo kameneka kamagwira matope komanso feteleza wokokoloka. Feteleza akalowa m'damu m'nyengo yotentha, madzi amabiriwira ndi ndere, zosefera zimatsekeka, timabowo ta mapaipi odontheza timatsekekanso, ndipo ndere zina zimatulutsa poizoni wopha ziweto.

Madzi otsukira m'nyumba yofululira vinyo ali ndi vuto lofanana. M'miyezi yokolola amatuluka ambiri, ali ndi shuga, zotsalira za mphesa ndi mankhwala otsukira matanki. Akathiridwa mumtsinje osakonzedwa amatha mpweya wa m'madzi, nsomba n'kufa. Mafamu ena amawadutsitsa m'maiwe ndi m'madambo ochita kukumba, odzalidwa bango, asanawagwiritsenso ntchito pothirira.

Khoma la damu lili ndi lamulo lake losiyana ndi la gombe la mtsinje. Pakhoma sipafunika mtengo uliwonse, wachilendo kapena wachilengedwe. Mizu imaboola dothi loumbidwa, ndipo mtengo ukafa mizuyo imawola n'kusiya timipata mmene madzi amayamba kudutsa, kutenga dothi pang'onopang'ono mpaka khoma kugumuka. Pakhoma pamafunika udzu waufupi wometedwa, kuti woyendera aone msanga ming'alu, mauna a nyama, kapena malo onyowa kunsi kwake. Madzi odontha akakhala oyera nkhawa imachepa, koma akayamba kutuluka ndi matope ndiye kuti khoma likudyeka m'kati. Njira yotayira madzi damu likadzaza iyenera kukhala yotseguka nthawi zonse. Ena amaikweza ndi matumba a mchenga kuti asunge madzi ochulukirapo, ndipo kuteroko n'kuika miyoyo ya anthu a kumunsi pachiswe, chifukwa madzi akadutsa pamwamba pa khoma la dothi amalidula m'maola ochepa. Mu Ogasiti 2024 madamu angapo a dothi anagumuka pamwamba pa mudzi wa Riverlands, pafupi ndi Malmesbury m'dera la Swartland, madzi n'kuwononga nyumba, misewu ndi mapaipi. Lamulo la dziko lino limafuna kuti damu la khoma lotalika kuposa mamita 5 komanso losunga malita oposa 50 miliyoni lilembetsedwe ku boma ngati damu lotha kuika anthu pangozi. Amene amagona m'nyumba za antchito kunsi kwa khoma, abale athu ali momwemo, ayenera kudziwa zimenezi.

Mbali zina za damu, kupatula khoma, n'zimene zingabwezeretsedwe moyo. Damu lokumbidwa motsetsereka kwambiri, m'mbali mwake muli dothi lambee lopondedwa ndi ng'ombe, limangosunga madzi basi. Akalisalaza mbali imodzi kuti pakhale madzi osaya, n'kudzala zomera za m'madzi, n'kutchinga ziweto kuti zizimwera m'chomwera chapadera, achule ndi atombolombo amabwera, mbalame za m'madzi zimamanga zisa, katumbu amayamba kusiya mapazi m'matope. Chimodzi chimene zomera sizingathetse n'kuuma kwa madzi ndi dzuwa ndi mphepo. Kumeneko madzi opitirira mita imodzi amatha kuuluka pamwamba pa damu pachaka, choncho damu lotambalala koma losaya limataya gawo lalikulu la zimene linasunga.

Pa nsomba ndikufuna ndilankhule molunjika kwa abale ogwira ntchito m'mafamu amenewo. Mitsinje ya ku Cape ili ndi tinsomba take tating'ono ta zipsepse zofiira tosapezeka kwina, komanso nsomba yotchedwa witvis. Nsomba zolusa za bass, zomwe kwawo ndi ku America, zinabweretsedwa mu 1928 ndi 1937 kuti anthu aziwedza mongosangalala, ndipo zinadya nsomba zakomweko mpaka witvis inasowa mumtsinje wa Berg. Mlamba, umene kwathu ndi ndiwo yapamwamba, si wachilengedwe m'mitsinje ya ku Western Cape, ndipo kumene wafika ukuwononga chimodzimodzi. Kutenga mlamba kapena nsomba ina m'chidebe n'kukaiponya m'damu la pafamu kuti idzaswane n'kosaloledwa popanda chilolezo, ndipo damu likasefukira nsombazo zimalowa mumtsinje momwe palibe amene angazichotsenso. Damu lopanda nsomba zachilendo lingathe kukhala pothawirapo nsomba zakomweko.

Ntchito yonseyi imalipiridwa ndi ndani? Mlimi amene wasiya mamita angapo m'mbali mwa mtsinje wataya mizere ya mphesa imene ikanamupatsa ndalama, ndipo phindu la madzi oyera limapita kwa mnzake wa kumunsi. N'chifukwa chake pamafunika mgwirizano wa chigwa chonse. Mu 2004 makampani a vinyo ndi mabungwe oteteza chilengedwe anayambitsa Biodiversity and Wine Initiative, yomwe pambuyo pake inasanduka pulogalamu ya Conservation Champions pansi pa bungwe loteteza chilengedwe la WWF South Africa. Mafamu olowa m'menemo amapatula gawo la malo awo kuti lisalimidwe ndipo amaloledwa kuika chizindikiro cha kambalame ndi duwa la protea pabotolo. Famu ya Vergelegen ku Somerset West inamaliza mu 2018 kudula mitengo yachilendo pa mahekitala 2,200, ntchito imene inatenga zaka zoposa khumi. Famu yaing'ono ilibe mphamvu zotere. Malamulo a zomera zachilendo amauza mwini malo aliyense kuti athane nazo pamalo pake, koma lamulo lokha siligula mafuta a macheka.

Chimene chimandikhudza mtima n'chakuti luso la ntchitoyi lili m'manja mwa anthu amene amalembedwa mwa makontirakiti afupiafupi. Kusiyanitsa mbande ya wattle ndi mbande ya mtengo wachilengedwe zonse zikadali zazifupi, kudziwa muyeso wa mankhwala, kugwetsa bulugamu wamkulu osagumula gombe, zimenezi munthu amaziphunzira m'zaka. Kontirakiti ikatha gulu limabalalika, ndipo chaka chimene palibe wobwerera kukazula mbande n'chimene ntchito ya zaka zam'mbuyo imaonongeka. Famu imene yasunga gulu lake lokhazikika, lolipidwa bwino, lokhala ndi magolovesi ndi zotchinga kumaso pogwira mankhwala, ndi imene gombe lake limachira. Kwa Mmalawi amene amagwira ntchito ya m'maluwa ku Randburg kapena ku Fourways, luso limeneli si lachilendo. Wattle, lantana ndi mtengo wa indiya zili pa mndandanda womwewo wa zomera zolanda malo, ndipo zadzaza m'mbali mwa mtsinje wa Jukskei ndi timitsinje tina ta mzinda uno. Jukskei yemweyo amanyamula zonyansa za m'masuweji kukathira ku damu la Hartbeespoort, kumene namasupuni, yemwe uja timamudziwa pa Shire ku Liwonde, amaphimba madzi chifukwa cha chonde chochokera kumtunda.

Wina asamve ngati ndikuti tikafika kwathu tikagwetse mitengo. Vuto la kwathu ndi lina: mapiri ometeka, madimba olimidwa mpaka khasu kugwera m'madzi, matope odzaza pamalo opangira magetsi ku Nkula, ndi zimene Namondwe Freddy anatichita mu Malichi 2023. Chimene tingatengeko n'chakuti chomera chilichonse chili ndi malo ake. Bulugamu ndi wabwino pa milimo ndi nkhuni akadzalidwa kumtunda, kutali ndi kasupe ndi mutu wa dambo. M'gombe mukufunika katope, mkuyu, mbawa, bango ndi nsenjere, ndipo m'migula ya m'munda vetiva. Amene akutumiza ndalama kumudzi zokumbira damu la nsomba kapena la mthirira afunse kaye kuti madzi olowamo akudutsa pa nthaka yotani, ndiponso kuti akadzaza adzatulukira kuti.

Patsala funso limodzi lolemera, lomwe ku Cape sanalithetse. Madzi amene apulumuka mitengo ikadulidwa ndi a yani? Damu lomangidwa pakati pa khwawa limagwira madzi onse a mvula yoyamba mpaka litadzaza, ndipo m'chigwa chokhala ndi madamu ambiri otsatizana mtsinje wa kumunsi umachedwa kuyamba kuyenda kwa milungu ingapo, chilimwe n'kuumiratu. Damu lomangidwa pambali, lodzazidwa ndi ngalande kapena pampu pokhapokha mtsinje ukakwera, limasiya madzi ochepa a chilimwe kuti adutse. Damu lalikulu la Brandvlei pafupi ndi Worcester limadzazidwa kwambiri ndi ngalande yopatutsa madzi a nyengo yozizira, ndipo damu la Berg River pafupi ndi Franschhoek linamangidwa ndi njira yotulutsira madzi a mtsinjewo, kuphatikizapo kusefukira kochita kupanga. Damu lakale la pafamu lingathe kuikidwa paipi kapena ngalande yolambalala kuti madzi ochepa azipitirira.

Lamulo la zamadzi la 1998, National Water Act, linanena kuti madzi a dziko lino ali m'manja mwa boma m'malo mwa anthu onse, ndipo linapatula gawo lotchedwa Reserve, la zosowa zofunika za anthu ndi la mtsinje weniweniwo, loyenera kukwaniritsidwa wina aliyense asanapatsidwe chilolezo chothirira. Kumanga damu, kulikweza kapena kusintha gombe la mtsinje kumafuna chilolezo pansi pa lamulo lomweli. Mlimi akadula bulugamu n'kukulitsa damu ndi munda mpaka madzi onse opulumuka atathera momwemo, mtsinje sunapindule kanthu. Kumunsi kwa Berg kuli matauni omwa madzi omwewo, alimi ang'onoang'ono amene m'nthawi ya tsankho sanapatsidwe gawo la madzi, ndi asodzi a ku Velddrif kumene mtsinjewu umathira m'nyanja, malo amene mu 2022 anaikidwa pa mndandanda wa madambo ofunika padziko lonse wa Ramsar. Madzi abwino akachepa pamenepo, madzi a mchere a m'nyanja amakwera mtunda wautali mumtsinje. Kuti gawo la mtsinje lifikedi kumeneko pamafunika mamita oyezera madzi pa mapampu, anthu owerenga mamitawo, ndi mabungwe a ogwiritsa ntchito madzi amene mlimi wamng'ono ndi wantchito wa pafamu ali ndi mpando m'menemo.